Mpiru Wopanda Mchenga

Makina ochapira a Mayi Ozella Crenshaw anasankha tsiku loipa lofera. Akanafa mwezi wina uliwonse bwenzi atangowatukwana n'kuiwala. Koma ayi, anadikira mpaka Lachisanu, kutangotsala Loweruka kuti lifike Lamulungu la Obwerera, tsiku limene ana a mpingo wa Phiri la Nebo amene anathawira kumizinda yakutali ya Detroit ndi Chicago amabwera pa magalimoto obwereka kudzalambula manda a makolo awo, n'kudya ngati kumene amakhalako kulibe mbale. Makinawo anangoti gudugudu, kenako khoo, n'kukhala chete. Mafuta akuda anayamba kuchucha pansi pake. M'kati munali madzi odzaza mpaka m'khosi, ndipo pamwamba pa madziwo pankayandama mpiru.

Eya, mpiru. Osati malaya, osati nsalu zapabedi.

Chimene tauni ya Sweetgum inkadziwa n'chakuti mpiru wa Mayi Ozella sunkapezeka ndi mchenga. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, mvula ikagwa limadumphira m'masamba n'kubisala m'makwinya, moti mayi aliyense mu mpingomo anachitapo manyazi ndi ndiwo zake. Koma osati Mayi Ozella. Kuyambira ana awo ali kusukulu mpaka lero ali ndi zidzukulu, mphika waukulu wa mpiru pa tsiku la Obwerera unali wawo, ndipo anthu ankayambira kufola pa mphika umenewo, nkhuku ndi chikondamoyo zikuzizira. Ukawayamikira ankakweza manja onse awiri n'kunena kuti, "Tsamba lililonse limadutsa m'manjamu, mwanawe. Limodzilimodzi. Za ulesi ine ayi." Akamatero maso amakhala ali pa Mayi Marvaline Tubbs, mlamu wawo wa Abusa, amene anakhala akuusirira mphikawo kwa zaka. Chaka china a Marvaline anabweretsa ndiwo zawo popanda wowatuma, ndipo Abusa atatafuna, mchenga unalira m'mano mwawo mpaka akwaya anatembenuka. Mayi Ozella sanaiwale zimenezo, ndipo sankalola kuti wina aiwale.

Nzeru ya makinayi inabwera ndi malemu amuna awo, Lemuel, woyendetsa lole ya mitengo, munthu amene nzeru sizinkamuchezera kawirikawiri. Tsiku lina anangotulukira ndi makina oyera atsopano, otsegulira pamwamba, okhala ndi chimthiko pakati. Anawaika m'kachipinda kakuseri, anatenga pegi yamtengo yoyanikira zovala, n'kuipanikiza pa kaswichi kamene kamazimitsa makina munthu akatsegula chivundikiro.

"Tatsukiramo mpiru uone," anatero.

Mayi Ozella anamufunsa ngati wamwa. Koma atayesa, ha! Madzi ozizira ankadzaza tho, chimthiko chija chinkatakasa masamba pang'onopang'ono, mchenga wonse n'kumira pansi, iwo ataima pomwepo, chivundikiro chili chotsegula, kuimitsa ndi kuyambitsa pamene afunira. Ntchito imene akazi anzawo ankaweramira pa sinki tsiku lathunthu iwo ankaimaliza khofi asanazizire. Lemuel anawaliza zambiri pa moyo wake, koma akakumbukira pegi ija mtima unkafewako. Ankati pa chinthu chimodzi chimenechi, mwamunayo anakhala pansi n'kuganizira iwo.

Tsopano manja otchukawo anali atatha. Nyamakazi inali itapinda zala n'kutupitsa mfundo, kumanga batani la diresi inali ntchito ya m'mawa wonse. Ndipo pakhonde panali mulu wa matumba a mpiru, umene madikoni anathyola kumunda kwa mpingo mame asanaume.

Anaimbira foni a Cleophus Bynum, mkulu wokonza makina, amene bwalo la nyumba yawo linali lodzaza mafiriji ndi masitovu akufa. Anabwera akutsimphina, anasuzumira m'makinamo, anaona masamba aja, n'kuyang'ana kudenga.

"Koma zovala zake ndi zobiriwira bwanji, Mayi Ozella."

"Ndakuitanirani makina, a Cleophus, osati pakamwa panupo."

A Cleophus anataya madziwo ndi paipi, anapendeketsa makina, anagwada mobuula. Anagwira mafuta aja ndi chala n'kuwanunkhiza.

"Giyabokosi yapita. Mano onse athothoka m'katimu."

"Ndiye ikanimo ina. Mwagwadira chiyani, mukupemphera?"

"Ina ndiitenge kuti, mayi? Makina amenewa anasiya kupanga kalekale. Awa ndi aja opanda lamba, mota imagwira giya yokha, palibe chapakati. Ankakhala mpaka mwiniwake kutopa nawo. Zitsulo zake tinkachotsa m'makina akufa, koma akufawo nawonso anatha, ogula zitsulo zakale anasesa onse."

"Mwati anasiya kupanga chinthu choti chimagwira ntchito?"

"Akuti chimamwa madzi ambiri."

"Madzi! Mtsinje uli apowu ukungopita kunyanja popanda woufunsa, iwo akundiumira ine madzi?" Anatsonya. "Amene anaganiza zimenezo sanachapepo ngakhale sokosi yake."

A Cleophus anadzuka, anapukuta manja pa ovolosi, anapukutanso. Munthu akapukuta kawiri manja oti ndi oyera kale ndiye kuti ali ndi mawu.

"Alipo amodzi otsala m'tauni muno. Ofanana ndi awawa ndendende. Amoyo bwinobwino."

"Kwa ndani?"

"Mm. Paja tsiku lija a Lemuel anagula awiri. Ndinanyamula ndine. Amodzi ndinatsitsa pano." Anakanda m'mutu pansi pa chipewa. "Enawo ndinakatsitsa ku Msewu wa Njanji."

Ku Msewu wa Njanji kunali munthu mmodzi yekha amene Lemuel akanamugulira kanthu. Jewel Dean Sapp, wowongola tsitsi, wa milomo yofiira ngakhale tsiku la Mgonero. Za mkaziyo Mayi Ozella ankadziwa, tauni yonse inkadziwa, lole ya mitengo sibisika ikaima kuseri kwa nyumba ya munthu Lachinayi lililonse. Koma za makina awiri ankamva kumene. Mwamuna kugula mphatso ya mkazi wake n'kuuza wogulitsa kuti onjezerani ina! Ngati akugula nyambo.

Pa maliro a Lemuel, Jewel Dean anafika ku holo ya mpingo ndi chipewa chake chakuda, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Mayi Ozella anatuma olandira alendo kuti akamuuze kuti ngati ali ndi njala azungulire kuseri, akalandire mbale pa khomo la kukhitchini, kumene amaperekera zotsala. Mkaziyo anazunguliradi. Anadya chiimire, anatsuka mbale yake pa mpopi, n'kumapita. Nkhani imeneyi Mayi Ozella ankaikamba mokoma kwambiri.

"Tulukani, a Cleophus."

"Ine ndangonena za makina."

"Ndati tulukani. Ndipo zimene mwaona m'madzimo mukakazitchula kwa munthu, mudzadya mpiru wa a Marvaline mpaka tsiku lokuikani m'manda."

Mwana wawo wamkazi, Renita, ndiye yekha m'banjamo amene ankadziwa chinsinsi cha makinawo. Atamva anabwera ndi galimoto masana omwewo.

"Mama, musadandaule. Tiyeni kwathu mukagwiritse anga. Ndi amakono, amachita zonse okha."

Makina a Renita anali ndi chivundikiro chagalasi ndi timagetsi tambirimbiri. Pakati panalibe chimthiko, munangoti mbee ngati ndowa. Mayi Ozella anawayang'ana monga mmene ankayang'anira anyamata obwera kudzafunsira Renita. Anakhuthuliramo thumba limodzi loyesera. Renita anatseka, anadina, ndipo chivundikirocho chinati kwatu, kudzikhoma chokha. Makina anayamba kutembenuza masambawo uku ndi uku, ali ouma.

"Akutani?"

"Akuyeza kulemera kwake, Mama, kuti adziwe madzi ofunika."

"Adziwe iwo? Ine ndili pompano?"

Patapita nthawi anayamba kulavulira timadzi, tosakwanira n'kusamba m'manja komwe. Masamba apamwamba sananyowe. Mayi Ozella anagwira chivundikiro kuti atsegule, chinakana. Anakoka ndi chigongono, chinakanabe.

"Tsegula."

"Satseguka akayamba, Mama."

"Nyumba ndi yako, magetsi ndi ako, koma chivundikiro chikukukaniza? Iwe wagula makina kapena wagula bwana?"

Renita anadina apa, anadina apo. Makina analira ngati foni, anaganiza, kenako anayamba kuzungulira ndi liwiro loti nyumba yonse inanjenjemera. Mayi Ozella ankangoona pagalasipo mpiru wa mpingo ukumenyedwa m'mbali popanda woulanditsa. Pomaliza makinawo anaima, anaimba kanyimbo, n'kudzitsegula. Masamba anali atamatirira m'zipupa, ong'ambika, akuda, akununkhira mankhwala ofewetsera zovala. Mayi Ozella anatsina kachidutswa n'kuika m'kamwa. Mafuta onunkhira ndi mchenga. Analavulira mu sinki.

"Akuimba! Aononga ndiwo zanga n'kumaimbanso nyimbo. Ngakhale wakuba amachoka mwakachetechete."

"Mama, bwanji osangoitana amayi a mumpingo adzakuthandizeni kutsuka? Kapena a Marvaline aphike chaka chino. Palibe amene angafe."

"Ndifa ndine."

Renita sankaona patali, ana a masiku ano. Amayi a mumpingo akabwera, adzaima pa sinki pambali pawo, adzaona zala zija zikulephera kugwira tsamba. Ndiye wina, mwina Marvaline yemweyo, adzafunsa ndi kamawu kake kokoma kuti, nanga chaka chatha munatsuka bwanji, achemwali? Dzina limene anamanga zaka zonsezi likanathera pa sinki pomwepo, akazi onse amene anawanena ulesi akuonerera.

Loweruka analawirira. Anadzaza sinki ndi madzi ozizira, anapinda manja a diresi, n'kunena mokweza m'nyumba mopanda munthu kuti, "Amayi anga ankatsuka chonchi, nanenso ndingathe." Madziwo analuma m'mafupa. Tsamba linkapulumuka m'zala, akaligwira ndi manja awiri linkang'ambika. Anapirira mpaka dzuwa linafika pa windo la kukhitchini, misozi ikutsika yokha ndi ululu, koma chimene anatsuka chinali beseni limodzi. Anatenga tsamba m'besenimo, analuma. Mchenga unati kherr.

Foni inalira. Anali a Marvaline.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Ndamvatu kuti a Cleophus anali kwanu dzulo. Zonse zili bwino? Ngati thupi latopa nenani, musadzikakamize pa msinkhu wanuwo. Ine ndagulako mapaketi a mpiru wodula kale, angokhala mufirijimu kudikira."

"Wa m'mapaketiwo mukadyetse nkhumba, achemwali. Kaya zikavomera."

Anaika foni pansi. Anayang'ana matumba aja pakhonde, masamba apamwamba atayamba kufota. Anawakwekwereza limodzilimodzi, kugwira ndi mikono pamene zala zakana, n'kuwakankhira mu pikapu yakale ya Lemuel. Anavala magalasi akuda, ngati pikapu imeneyo pali munthu m'tauni amene sankaidziwa.

Sanadzere mu Msewu wa Njanji weniweniwo. Analowa kanjira kakuseri, ka zinyalala, n'kukaima pa mpanda wa nyumba yachikasu ya Jewel Dean. Atazimitsa injini m'pamene anazindikira kuti aima pamalo penipeni pamene lole ya Lemuel inkaima.

Jewel Dean anali pakhonde lakuseri akusenda mbatata. Anali atakalamba, khosi litachita makwinya, koma tsitsi linali lofiirabe ngati dzimbiri, ndipo milomo anali atapaka m'mawa wa Loweruka, kunyumba, akusenda mbatata. Nkhalamba yosadziwa kukalamba! Anakweza maso, mpeni sunaime.

"Mayi Crenshaw. Mwasochera?"

"Ndamva muli ndi makina a amuna anga."

"Ndili ndi makina anga."

"Anachokera m'thukuta la banja langa. Ndabwera kudzawatenga."

Jewel Dean anayang'ana manja a Mayi Ozella, anawayang'anitsitsa, mpaka eniake anawabisa kumbuyo.

"Makina sachoka pano. Koma mpiru wanuwo ukufota ndi dzuwa. Tsitsani."

"Ndani wanena za mpiru? Cleophus eti? Pakamwa pake paja!"

"Cleophus sananene kanthu. Mawa ndi la Obwerera, pikapu yadzaza matumba, ndipo simunabwere kudzawongola tsitsi, ngakhale likufunika."

Analowa. Mayi Ozella ankayenda atakweza mphuno, akuona zonse. Makatani a maluwa akuluakulu ngati a m'bala. Timiphika tapulasitiki. Fungo la mafuta a tsitsi limene linalowerera m'zipupa. Apa m'pamene Lemuel ankathamangira? Mwamuna ndi galu ndithu, umuikire nyama m'mbale akafukulabe kudzala.

Koma m'kachipinda ka pambali pa khitchini anaima. Makina anali pamenepo, oyera, a timabatani tozungulira tomwe tija, ngati awo omwe angodzuka kwa akufa. Ankanunkhira viniga.

"Ndi oyera," anatero Jewel Dean kumbuyo kwawo. "Ndimawazunguza ndi madzi otentha ndi viniga ndikamaliza kuchapa. Mutha kuika ndiwo."

Mayi Ozella anatukula chivundikiro. Pakona, pa kaswichi kaja, panali pegi yamtengo, yakuda ndi zaka, yopanikizidwa chimodzimodzi ngati yakwawo, mutu wake utaloza kumanzere. Za bedi anazolowera kalekale, za Lachinayi anazimeza. Koma pegi!

"Anakuphunzitsani ndi izi zomwe," anatero mwaukali. "Chitsiru chija. Chinthu chimodzi chokha chimene anandiganizira ine, anabwera nacho kuno kudzagawa."

Jewel Dean anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, anagwira chitseko kuti asagwe.

"Lemuel? Kuphunzitsa ine? Lemuel uja, wosadziwa kuti mpopi wa madzi otentha ndi uti? Aa, Mayi Crenshaw, musandiphe. Amayi anga ankatsukira mpiru m'makina akale aja opinira ndi dzanja, ine ndili kamtsikana. Pegiyo ndi nzeru ya kwathu. Iye ankakhala apo patebulopo, kudya mpiru wanga, n'kumadandaula kuti wa kunyumba umamuthera mano. Lachinayi lililonse nyimbo yomweyo, mchenga, mchenga, Ozella ndi mchenga wake. Ndinatopa nazo. Makina anga akale atafa ndinamuuza kuti, gula awiri, tenga pegi iyi ukamuonetse mkazi wakoyo, mwina ungasiye kundilirira m'makutu."

Mayi Ozella anayang'ananso pegi ija. Anakumbukira tsiku lija, Lemuel akutulutsa pegi m'thumba la malaya. Inde, m'thumba. Sanaitenge pa chingwe choyanikira. Zaka zonsezi iwo ankaiona pegiyo tsiku ndi tsiku osadzifunsa kuti bwanji sinkafanana ndi mapegi ena a m'nyumbamo. Manyazi anawagwira kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi. Anafuna kutuluka, kukwera pikapu, kukataya matumba onse mumtsinje. Koma m'makutu mwawo munamveka kamawu ka a Marvaline, musadzikakamize pa msinkhu wanuwo.

Anapotokola batani ndi chikhatho. Madzi anayamba kukhuthukira m'makinamo, ambiri, osaumira, ndi phokoso lomwe lija la kwawo.

Matumba anatsitsa ndi Jewel Dean. Mfundo za zingwe anadula ndi Jewel Dean, ndi mpeni wosendera mbatata, ataona kuti zala za mnzake zikungoterereka. Sanathandize ndi mawu okoma, sananene pepani, anangogwira ntchito ngati akuwongola tsitsi la kasitomala amene samukonda. Mayi Ozella anaima pa makina, kuthira, kuimitsa, kutaya madzi, kudzazanso. Mchenga unkatsalira pansi, wofiira, wambiri. Masamba ankatuluka athunthu, owala, akudontha madzi. Pomaliza Mayi Ozella anafunsa.

"Zaka zonsezi. Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Kwa oyera mtima a Phiri la Nebo?" Jewel Dean anakutumula tsamba n'kuliponya m'beseni. "Ndiye ndizionera chiyani? Chaka chilichonse ndinkaima pa windo la holo, kukuonani mukukweza manja m'mwamba. Limodzilimodzi, mwanawe, za ulesi ine ayi. Kunalibe kanema wokoma ngati ameneyo. Ngakhale tsiku la maliro lija, ndikudya kuseri kuja, ndinkadya mpiru wa amayi anga. Unakoma bwino."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Kwa inu? Chimene ndinkafuna kwa inu ndinatenga kalekale."

Anamaliza dzuwa litapendeka. Jewel Dean anathandiza kukweza mabeseni mu pikapu, anabwerera pa mpando wake, n'kutola mbatata imene anaisiya theka. Mayi Ozella sanathokoze. Anatuluka kanjira ka zinyalala komwe kaja, atawerama pa chiwongolero.

Lamulungu holo inadzaza mpaka ena anaima panja. A ku Detroit anabwera ndi masuti owala, a ku Chicago ndi ana osadziwa kupereka moni. Mpiru unali utaphikidwa ndi ziboda za nkhumba zowamba, msuzi wake wakuda, fungo lake linkafika kumanda. Mzere unayambira pa mphika wa Mayi Ozella monga mwa nthawi zonse. A Marvaline anabwera msanga, anapempha kuti awapatse wa pansi penipeni pa mphika, kumene mchenga umakhala. Anatafuna atatseka maso, akufunafuna ndi lilime. Sanapeze kanthu. Anati, "Mm, wakomako," n'kuchoka nkhope itagwa.

Pa nthawi ina iliyonse Mayi Ozella akanasangalala nazo sabata yathunthu. Koma maso awo anali pakhomo.

Jewel Dean analowera khomo lakumaso. Chipewa chofiira, milomo yofiira, kachikwama pamkono. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Anatenga mbale yapepala n'kuima pa mzere ngati munthu wina aliyense. Akazi anayamba kugundana zigongono. Olandira alendo anayang'ana kwa Mayi Ozella, kudikira kuti awakodole ngati kale lija. Mayi Ozella anayang'ana mumphika.

Mzere unasuntha mpaka mbale ija inafika patsogolo pawo. Anatunga mpiru n'kuika. Jewel Dean sanachoke. Anatenga foloko, anaika m'kamwa pomwepo, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono. Holo inati zii. Ngakhale ana a ku Chicago anasiya kuthamanga. Mawu amodzi okha a mkaziyu, akuti makina, akanakwanira.

Jewel Dean anameza, anapukuta pakamwa mosamala kuti asafufute zofiira zija.

"Ngakhale kamchenga kamodzi," anatero mokweza kuti akumbuyo amve. "Manja amenewa Ambuye awasunge."

"Amen!" anayankha Abusa, ndipo holo yonse inavomera. Akazi a Abusa anagwira pamtima, akuti aona chikhululuko ndi maso awo. Zitsiru, anaganiza Mayi Ozella, zitsiru zokhazokha, kuwombera m'manja chinthu chimene sakuchidziwa. Koma anthu onse ankawayang'ana, ndiye anatsegula pakamwa n'kunena mawu amene dzulo anawakana.

"Zikomo, achemwali."

Jewel Dean anawerama ngati akufuna kuwapsompsona patsaya. Fungo la mafuta a tsitsi linawakuta.

"Makina aja sakupanganso," ananong'ona. "Otsala ndi angawo. Chaka chamawa mudzaimike pikapu mumsewu, masana, mudzagogode khomo lakumaso. Kwanga anthu salandirira mbale kuseri."

Anawongoka, anamwetulira kwa Abusa, n'kupita kukakhala pa tebulo lakutsogolo.

Wotsatira pa mzere anali mayi wina wa ku Detroit, wa ndolo zazikulu, mbale ili m'manja.

"Mayi Ozella, ine chaka chino sindichoka musanandiuze. Mumatani kuti mpiru wanu usakhale ndi mchenga?"

Anthu apafupi anayamba kale kumwetulira, kudikira manja aja akwere m'mwamba. Mayi Ozella anaika mpiru m'mbalemo, anasiya chipande, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa epuloni.

"Sunthani," anatero. "Mukuchedwetsa anzanu."